Sunawonongeke, mdzukulu wanga

Mtsikana wina wa ku Mtendere mu Lusaka wandilembera kuti: "Agogo, mwezi watha bambo wina woyandikana nafe anandigwirira. Azakhali akuti ndawonongeka, amalume akufuna alandire dameji kuti nkhani ithere m'nyumba. Ndikadziyang'ana pagalasi sindikudzizindikira. Kodi ndidakali munthu yemwe uja?"

Mdzukulu wanga, ndakumva, ndipo ndikukhulupirira zonse wanenazi. Ndiwe yemwe uja. Dzina limene amayi ako anakutcha, chiwongo cha makolo ako, nzeru zimene unapita nazo kusukulu, bamboyo sanachotse chilichonse mwa izi. Chimawonongeka ndi chimanga chikalowa anankafumbwe, osati mwana wa munthu. Manyazi amene akukusenzetsawo mwini wake ndi iye.

Za dameji zandiwawa kwambiri. Kwathu ku Katete, malume ndiye mwini mbumba, ndipo udindo wake ndi kuteteza ana a mlongo wake. Dameji inkakambidwa pamene mnyamata ndi mtsikana anagwirizana okha, mimba n'kuoneka. Kugwirira ndi mlandu, ndipo palibe mwambo wa Achewa umene umalola kugulitsa misozi ya mwana. Amalume akalandira ndalamazo, bamboyo mawa agwira mwana wa eni.

Pita ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, utenge mayi mmodzi amene umamukhulupirira, kaya wa kutchalitchi kaya mnzawo wa amayi ako. Ku chipatala chachikulu cha UTH mu Lusaka kuli One Stop Centre, malo othandizira ogwiriridwa, ndipo ukhoza kuimba 933 kapena 116 kwaulere n'kulankhula ndi aphungu. Kwa ena amene mukuwerenga: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, choncho musadikire msonkhano wa banja. Iwe mwezi wadutsa, komabe kayezetse, usaope.

Zosadzizindikirazo, kudzidzimuka usiku, kunyansidwa ndi thupi lako, ndaziona mwa amayi ambiri amene ndakhala nawo pamphasa, ena atasunga chinsinsi mpaka imvi. Si misala ayi, ndi mtima wovulala. Udzachira pang'onopang'ono, tsiku lina kuseka, lina kulira, ndipo usalole wina akufulumizitse kukhululuka. Idya ngakhale nsima ikukanika kutsika. Bwerera ku kwaya ngati unkaimba.

Azakhali akowo uwawerengere kalata ino. Akafuna kukangana, abwere akangane ndi ine, iwe akusiye upume.