Kompyuta ikhale pa mpando, matumba apite ku buti

Sabata yatha ndalandira imelo ya achimwene ena a ku Chilomoni. Amajambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo mwezi wamawa akusamukira ku Lilongwe pa galimoto ya alamu awo. Funso lawo ndi lalifupi: kodi kompyuta yapadesiki angangoiika ku buti limodzi ndi katundu wina, kapena pali zoti asamale?

Achimwene, mwandigunda pachilonda. Ndidawerenga imelo yanu usiku ndipo tulo sitidabwere msanga.

Ine ndidasamukapo kuchoka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe. Nthawi imeneyo ndinali ndi kamalo kakang'ono kotaipira anthu makalata, ma CV ndi ntchito za ana asukulu. Kompyuta yanga inali yogwiritsidwapo kale ntchito, ya zija zimabwera kuchokera kunja, bokosi lakuda lija ambirife timangoliti CPU. Ntchito za makasitomala zinali momwemo, koma si zimene zimandipweteka mpaka lero. Munalinso mawu a agogo anga aakazi. Kwa maholide atatu ndinkapita kumudzi n'kukhala nawo pakhonde madzulo, foni ili pamphasa, iwo akusimba nthano, akuimba nyimbo za pamtondo, akutchula mayina a makolo athu mmodzimmodzi ndi midzi imene adadutsamo asanakhazikike pamene tili pano. Nthawi zina ankaima n'kuseka okha, nthawi zina ankandikalipira kuti ndikufunsa ngati wapolisi. Foni yanga inali ndi malo ochepa, choncho ndikabwerera ku Zomba ndinkasamutsira zonse mu kompyuta n'kufufuta mu foni. Agogo adatisiya chaka chimodzi ndisanasamuke. Mawu awo adatsala malo amodzi okha padziko lonse.

Tsiku losamuka tidachita hayala pikapu. Kutsogolo kudakhala dalaivala, mayi a kunyumba ndi mwana. Kumbuyo tidapakira bedi, mipando, mbaula, ndowa, matumba awiri a chimanga, ine n'kukhala pamwamba pake. Kompyuta ndidaiimika pakati pa bedi ndi matumba, pachitsulo penipeni, n'kuimanga ndi malegeni mpaka osagwedera. Mumtima ndinkati ndasamala. Sindinkadziwa kuti poimangirira kuchitsulo chopanda chofewa pansi, ndiye kuti hampu iliyonse ndi dzenje lililonse zikumenya mkati mwake mwachindunji. Tidadutsa Liwonde, Balaka, n'kukalowa M1 pa Chingeni. Titafika pa Lizulu tidaima kugula mbatata ya kachewere ndi kabichi, monga amachitira aliyense wodutsa pamenepo. Ine ndikutsatsa malonda, katundu adasunthidwa kuti thumba la mbatata lipeze malo. Ndidamva kaphokoso ka chinthu chogwera chammbali koma sindidatembenuke. Pobwerera ndidapeza kompyuta yagonekedwa, thumba lili pamwamba pake. Sindidanene kanthu, poopa kuoneka wovuta pamaso pa munthu wamkulu amene ankatithandiza.

M'mawa mwake ndidailumikiza. Fani idazungulira bwinobwino, kagetsi kadayaka, koma mkatimo munkamveka kuti tik, tik, tik, ngati wotchi yapakhoma. Windows sidatseguke. Ndidazimitsa n'kuyatsanso. Ndidatero kambirimbiri tsiku limenelo, ndikumati mwina ikadali yotopa ndi ulendo.

Wokonza makompyuta amene ndidamupititsira ndi amene adandifotokozera zimene ndikadayenera kudziwa kale. Mkati mwa hard disk, chipangizo chimene kompyuta imasungamo zinthu zonse, muli timbale tosalala timene timazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake pamayandama kamutu kowerenga, kosakhudza mbaleyo, mpata wake waung'ono kwambiri kuposa tsitsi la munthu. Kompyuta ikazimitsidwa bwino, kamutuko kamabwerera pamalo pake popumira, n'chifukwa chake kugwedezeka pang'ono sikuvuta. Koma kumenyeka kwamphamvu kungakapinde kapena kukasuntha, ndipo ukayatsa kamayamba kukanda mbale imene pali zinthu zako. Adandifunsa kuti ndayatsa kangati chiyambireni phokosolo. Nditamuuza adangogwira pakamwa. Kuyatsa kulikonse kunali kukandanso. Adati ntchito yotsegula hard disk imafuna chipinda chopanda fumbi ngakhale pang'ono, ndipo iye akadaitumiza kunja kwa dziko pa mtengo umene ine sindikadaufikira. Hard disk imeneyo ndikadali nayo, ndidaikulunga m'kansalu, ili m'dirowa. Mwana wanga wamkulu amandifunsa nthano ya agogo ija ya kamtsikana ndi ng'ona, ine ndimangokumbukira chiyambi ndi nyimbo yake, pakati padatayika.

Tsono achimwene, ndikamayankha funso lanu ndi ukali pang'ono mundikhululukire. Anthu ambiri kuno timaiona kompyuta ngati wailesi kapena firiji, chinthu choti chikawonongeka tidzagula china ndalama zikapezeka. Bokosilo inde mudzagula lina. Koma inu m'bokosi mwanumo muli maukwati a anthu. Muli bambo akupereka mwana wawo, muli ankhoswe akulangiza, muli agogo a wina akuvina pa perekaniperekani amene mwina chaka chamawa kudzakhala kulibe. Anthu amenewo adakulipirani ndipo adakukhulupirirani. Tsiku la ukwati silibwerezedwa. Ndikunena mosapsatira kuti kusunga ukwati wa munthu wina pa hard disk imodzi yokha n'kulakwa, kaya mukusamuka kaya simukusamuka. Ndikudziwa ojambula ambiri amene amatero, ena ndi anzanga, ndipo ndimawauza chimodzimodzi m'maso muli gwa.

Mudzati bandulo ndi yodula. Zoona, ndipo Google Drive, malo osungira zinthu pa intaneti, imapereka 15 GB yokha yaulere, imene kwa munthu wa mavidiyo ukwati umodzi wokha ungaidzaze n'kusefukira. Sindikukuuzani kuti mukweze zonse pa intaneti. Gulani external hard disk, ija yoyenda nayo yolumikiza pa USB, ngakhale zitatanthauza kuti mipando yatsopano ya nyumba ya ku Lilongwe idikire mwezi wina. Koperani zonse, kenako tsegulani mavidiyo angapo kuchokera pa external yomweyo muone ngati akuseweradi, chifukwa ndaonapo munthu akunyamula mafoda opanda kanthu akuganiza kuti wasunga. Ndipo external imeneyo isakwere m'katoni imodzi ndi kompyuta. Ikhale m'chikwama chimene chili pamiyendo panu. Zing'onozing'ono zofunika kwambiri, monga mapangano ndi makasitomala ndi zithunzi za banja lanu, zimenezo ndiye zikwere pa intaneti.

Pali nkhani ina imene palibe amaitchula, koma ndi imene idandigwetsa ine pa Lizulu: manyazi. Kwathu kuno mpando wa m'galimoto ndi ulemu. Mukanena kuti kompyuta ikhala pa mpando wakumbuyo, padzapezeka wina wonena kuti makina akhala bwanji pofewa pamene mphwanu akusowa pokhala. Galimotoyo ndi ya alamu, ndiye pakamwa padzalemera. Kambiranani nawo lero, osati m'mawa wa ulendo katundu ali pabwalo. Auzeni kuti alamu, chakudya cha ana anga chili m'bokosi ili, ndikupempha mpando umodzi. Munthu wamkulu akauzidwa mwaulemu nthawi ikadalipo amamva. Ngati pali wachibale wotsala, mulipirireni basi, mukakumane ku Lilongwe. Ndalama ya basi ndi yochepa poyerekeza ndi graphics card imodzi, chipangizo cha m'kompyuta choyendetsa zithunzi ndi mavidiyo. Ndipo mukadzaima pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano, inuyo ndi amene mudzasankhe poika thumba la mbatata, mutaimirira pomwepo.

Za malegeni ndinenenso, poti ndimawaona tsiku ndi tsiku. Ndi abwino pomanga makala panjinga. Pa kompyuta amafinya bokosi, ndipo mabokosi a masiku ano ambiri ali ndi galasi mbali imodzi, limene likaphwanyika limangoti waa tizidutswa tokhatokha.

Musananyamuke

Zimitsani kompyuta ndi Shut down yeniyeni, osati Sleep. Jambulani kumbuyo kwake ndi foni mawaya asanazulidwe kuti musakavutike polumikiza. Zulani zonse, ngakhale timaflash ndi kachidutswa ka mouse yopanda waya, chifukwa chotsalira pa USB chimathyoka n'kuwononga bowo lake. Mawaya onse alowe m'jumbo imodzi.

Inu a mavidiyo mosakayika muli ndi graphics card yolemera. Imeneyo imangogwiridwa ndi kampata kake pa motherboard (bolodi lalikulu la mkati limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ndi sikuluwu imodzi kapena ziwiri, ndipo pa hampu imakoka ngati dzino logwedera. Ichotseni ngati mumatha: masulani masikuluwu, zulani waya wake wa magetsi, dinani kachotsekera kali kumapeto kwa kampatako, kenako kokani pang'onopang'ono. Musanakhudze mkati gwirani kaye chitsulo cha bokosilo. Iikeni m'kajumbo kotuwa konyezimira kamene idabweramo. Musaikulunge m'bulangete kapena m'juzi. Mukudziwa timoto tija timathetheka mukamavula juzi mumdima nyengo yachilimwe? Timeneto n'tokwanira kupha chipangizo chosavala bokosi. Ngati kajumboko mudataya, pepala kapena katoni youma ndi bwino kuposa nsalu ya nayiloni. Choziziritsira processor (ubongo wa kompyuta) chikakhala chachikulu ngati nsanja, chionetsetseni kuti n'chomangika.

M'galimoto

Katoni imene kompyuta idabweramo, ndi zoyera zofewa zija, ndiye yabwino koposa ngati mudasunga. Ngati palibe, pindani bulangete kanayi pa mpando wakumbuyo, gonekani bokosilo mbali ya motherboard ili pansi, mulimange ndi lamba wa mpando. Mbali ya motherboard ndi imene mabowo a USB akumbuyo ayandikira. Pa mabokosi ambiri, mukaliyang'ana kutsogolo ndi mbali ya kumanja, galasi n'kukhala kumwamba. Likagona choncho zolemera zonse zimatsamira pa motherboard m'malo molendewera. Pamwamba pake pasakhale kanthu, ngakhale chikwama. Monitor iime chilili, yokutidwa ndi chitenje, nkhope yake itayang'ana kotsamira mpando, pilo pakati. UPS, kabokosi kosunga magetsi kaja, ili ndi batire lolemera, ikhale pansi popondera mapazi, choimirira, kuti pa buleki yadzidzidzi isauluke. Printer ya inki isapendekeke.

Buti ndikuikana chifukwa ili pamwamba pa mateyala akumbuyo, pamene pamadumpha kwambiri, komanso ndi kumene katundu amagundana popanda womuona. Ulendo wanu ndi wa makilomita opitirira 300, ndipo pa Lunzu, pa Zalewa, pa Ntcheu, pa Dedza, pa Nathenje, paliponse pali msika galimoto imayenera kuchepetsa liwiro. Alamu apempheni azikwera mahampu ndi kudutsa maenje ngati anyamula mazira. Lisiti la kompyuta likhale m'thumba, chifukwa pa rodibuloko nthawi zina amafunsa za katundu wotere, ndipo simufuna kuti azitsitsidwa n'kukwezedwanso m'mbali mwa msewu. Mukaima kudya, fundani zonse ndi chitenje, imikani galimoto pamthunzi pamene mukuiona. Galimoto yotsekedwa padzuwa la Okutobala imatentha ngati uvuni.

Ndatsala pang'ono kuiwala china chimene chidachitikira mnzanga wina posamuka. Makompyuta ena akale obwera kuchokera ku America ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, pafupi ndi polowera waya wa magetsi, kolembedwa 115 mbali ina ndi 230 mbali ina. Magetsi athu kuno ndi a 230. Ana ake posewera ndi bokosi lili pabwalo adakasuntha, iye osaona, ndipo atalumikiza kudangomveka phuu ndi fungo la chopsa. Ngati yanu ili nako, kayang'aneni musanalumikize. Zatsopano zambiri zilibe.

Mukafika musathamangire kuyatsa kuti muonetse anthu kuti yafika bwino. Ngati mwadutsa m'chisanu cha ku Dedza kapena mumvula, isiyeni m'chipinda maola angapo, ngakhale usiku wonse, chinyontho chiume. Kukacha tsegulani mbali, bwezerani graphics card mpaka kachotsekera kalire, dinikizani RAM (timitengo ta memory tobayidwa pa motherboard) ndi mawaya onse pang'ono ndi chala poti ena amakhala atasukusika m'njira. Nyumbayo ndi yachilendo ndipo simukudziwa mmene mawaya ake alili, choncho lumikizani kudzera pa UPS kapena surge protector, chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu. Ikayaka koma pa monitor osaoneka kanthu, musachite mantha, kawirikawiri imakhala RAM kapena graphics card imene sinakhale bwino, kapena waya wa monitor mwaulowetsa pa motherboard m'malo mwa pa graphics card.

Koma mukamva tik, tik, tik, zimitsani nthawi yomweyo. Musayesenso kachiwiri. Tulutsani external ija m'chikwama, ndipo mundilembere tikambirane zochita ndi hard disk yakaleyo.