Kwa achemwali a ku MUST amene mtima uli pa udokotala

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mwangoyamba biomedical engineering ku MUST koma kuyambira ku sekondale mumalota udokotala, ndiye mukufunsa ngati musiye pompano kapena mutsirize kaye kenako mukayesere ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa udokotala. Ine ndimakonza makina a m'chipatala, ndiye ndiyankha zomwe ndaona ndi maso anga.

Nkhawa yanga ndi yakuti mungamaphunzire kosi imeneyi ngati munthu wodikira minibasi pa depoti, thupi lili m'kalasi koma maso ali kumsewu. Masamu ndi electronics sizimvera chisoni munthu wa mitima iwiri. Komanso mungaphonye kuona kuti ntchitoyi ili pafupi ndi wodwala kuposa momwe mukuganizira.

Usiku wina anandiyimbira foni kuti concentrator (makina opereka oxygen) ya ku nazale ikulira mochenjeza. Ndinapeza makanda atatu obadwa masiku osakwana akugawana makina amodzi, amayi awo atakhala pansi pa zitenje, onse akuyang'ana kanyali kachikasu kaja. Nditatsegula kumbuyo, fyuluta inali itatsekeka ndi fumbi lofiira ngati katondo. Makinawa amakoka mpweya wamba, womwe oxygen yake ndi 21% yokha, n'kuupitiriza mu zeolite yomwe imagwira nitrogen, ndipo otulukawo umakhala ndi oxygen yoposa 90%. Fumbi ndi chinyontho zikalowa, makina amalira bwinobwino ngati akugwira ntchito, koma mwana akupatsidwa mpweya wopanda mphamvu. Namwino sangaone zimenezo ndi maso, mpaka wina abwere ndi analyser ayeze. Usiku umenewo dokotala anali atalemba zoyenera zonse, koma panalibe chomwe akanachita mpaka makina atadzuka.

Mukadzapita m'zipatala mudzaonanso chipinda chodzaza makina akufa, ena sanagwirepo ntchito n'kamodzi komwe. Abwera ngati mphatso kuchokera kunja, opangidwira magetsi a 110V pomwe athu ndi 230V, opanda buku, opanda zida zosinthira. Zimawawa kuona, chifukwa ambiri akungosowa munthu wodziwa.

Fufuzani nkhani ya Pumani. Ndi makina a bubble CPAP omwe anapangidwa ndi ophunzira a ku Rice University, ku America, mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Oyambirira ankagwiritsa ntchito mapampu a m'matanki oweteramo nsomba m'nyumba. Pampu imakankhira mpweya m'mphuno za mwana, paipi ina n'kumizidwa m'botolo la madzi, ndipo kuya kwa madziwo ndi komwe kumasunga timatumba ta m'mapapo kuti tisafwafwanike. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2014, wotsogozedwa ndi Dr Kondwani Kawaza, anapeza kuti makanda 71 pa 100 aliwonse omwe anaikidwa pa makinawa anapulumuka, pomwe pa oxygen wamba anali 44. Botolo la madzi, achemwali!

Sindikukuletsani udokotala ayi, dziko lino likusowa madokotala kwambiri. Koma dziwani kuti ndi njira ina yoyambira pachiyambi: zaka za MBBS (digiri ya udokotala), kenako internship musanayime panokha pansi pa Medical Council of Malawi. Za malamulo olowera munthu amene ali kale ndi digiri, kafunseni ku ofesi ya registrar ku KUHeS, musadalire za m'gulu muno.

Musanasankhe chilichonse, tchuthi chikubwerachi pitani pa chipatala cha boma chapafupi ndi kwanu, mukapemphe kwa a PAM, omwe amasamala zipangizo, kuti muziyenda nawo milungu iwiri. Kagwireni multimeter, katsukeni mafyuluta, kaloweni mu wodi nthawi yomwe madokotala akuzungulira. Mukabwerako mudzandiuze ngati manja anu ankafuna kugwira mwanayo kapena kutsegula makina a pambali pakewo, tidzakambirane bwino za KUHeS.