Kasensa kanuko mwina si BME280 ayi

Achimwene, uthenga wa "Could not find a valid BME280 sensor" womwe bolodi yanu ya Arduino Uno ikukupatsani mukalumikiza BME280, kasensa koyeza kutentha, chinyezi ndi pressure ya mpweya, unandisowetsa tulo sabata yathunthu, ndipo ndikamawerenga post yanuyi mtima ukuchita kuwawanso. Musanayambe kudula mawaya ena imvani kaye zanga.

Chaka chomaliza ku koleji tinkapanga ka weather station ine ndi mnzanga, ndiye ndinagula timasensa tiwiri kwa mkulu wina amene amaitanitsa zinthu kunja n'kumagulitsa pa WhatsApp. Ananditsimikizira kuti ndi BME280 yeniyeni, ndalamanso ndinalipira za BME280, osati zochepa kwa mwana wasukulu. Timabolodi tija tamapini sikisi, kumbuyo analemba BME/BMP280 osachonga kuti ndi iti. Ndinalumikiza bwinobwino, mawaya olankhulirana SDA pa A4 ndi SCL pa A5, wa magetsi VCC pa 3.3V, koma serial monitor, pomwe Uno imalemba mauthenga pa laputopu, imangoti palibe sensa. Ndasintha majampa, ndasintha breadboard, ndabwereka Uno ya munthu wina, chimodzimodzi.

Usiku woti mawa lake tikawonetse kwa supervisor magetsi anathima cha m'ma 11, laputopu batire ili pafupi kutha, mnzanga wagwira tochi ya foni ine ndikusolola mawaya n'kubwezeretsa, manja akunjenjemera, ndiye mumdima muja waya wa VCC unalowa pa 5V chifukwa pa Uno mabowo a 3.3V ndi 5V ayandikana. Bolodi yamapini sikisiyo ilibe regulator yotsitsa magetsi, chip imafuna magetsi osapyola 3.6V. Kasensa koyamba kanathera pomwepo, sikanayankhenso mpaka lero. Mnzanga anangokhala pansi osayankhula, ine misozi ili pafupi, ndikuganiza za fizi yomwe amayi anavutikira chaka chonse kuti izingothera pa kanthu kochepa ngati chikhadabo. Titatsala ndi kamodzi ndi pamene ndinayika I2C scanner, ka code kofufuza address ya chilichonse chomwe chalumikizidwa pa SDA ndi SCL, ndipo inapeza chinthu pa 0x76, pomwe library ya Adafruit, code yowerengera sensayi, imayamba kufufuza pa 0x77. Ndinasangalala kuti basi zatheka, ndasintha address, kuyika code, uthenga womwewo. Cha m'ma 2 koloko ndinawerenga chip ID, nambala yosonyeza mtundu wa chip, pa register 0xD0, inabwera 0x58. BME280 imayankha 0x60. Kutanthauza kuti sabata yonse ija ndinkalimbana ndi BMP280 yomwe ilibe n'komwe mbali yoyeza chinyezi, pomwe theka la lipoti lathu linali la humidity.

M'mawa ndinamuimbira mkulu uja, eti akundiyankha kuti "bwana zonsezo ndi 280, ndi chimodzimodzi." Chimodzimodzi bwanji poti mitengo yake inu nomwe mumasiyanitsa? Nditapempha kuti andibwezereko ndalama yapamwambayo anandibuloka. Mpaka pano zimandipweteka, munthu kumadyera ana asukulu amene akudziwa kuti sangathe kusiyanitsa ndi maso, ndipo ndikudziwa si ine ndekha amene anandichita zimenezi.

Ndiye inu chitani izi. Yambani ndi I2C scanner, ikapeza 0x76 ikani address imeneyo mu begin(). Ikakanabe onani ID, example ya Adafruit yatsopano imaisindikiza yokha pa serial monitor, mukaona 0x58 tengani library ya BMP280 basi iyamba kuwerenga. Mukhozanso kuyang'ana kachitsulo kapamwamba pa bolodi, ka BME280 mbali zonse ndi zofanana pomwe ka BMP280 ndi kotalikirako mbali imodzi. Scanner ikapanda kupeza kalikonse onani ngati mapini mwawotcherera ndi soda, kungowalowetsa m'mabowo sikugwira, komanso pini ya CSB ikhale pa 3.3V apo ayi chip imasiya I2C n'kulowa mu SPI, njira ina yolankhulirana. Kunena zoona nthawi zambiri vuto limakhala mawaya ndi address, osathamangira kukalipira wogulitsa musanayeze.

Za level shifter, kabolodi kogwirizanitsa ma signal a 5V ndi a 3.3V, anthu akuuzani kuti ndi yofunika chifukwa Uno ndi ya 5V, ndipo sakunama, koma yanga yotsala ija inayenda miyezi ingapo popanda, VCC yokha ndi yomwe ndinkaisamala. Ngati muli ndi bolodi ya ESP32 ingogwiritsani imeneyo m'malo mwa Uno, yonse ndi 3.3V, SDA pa 21 SCL pa 22.

China, ikayamba kuwerenga musadabwe kuona pressure ili cha m'ma 890 kapena 900 hPa m'malo mwa 1013 ya m'mabuku. Lilongwe ndi Blantyre zili pamwamba mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye mpweya umapepuka, sensa sinawonongeke. Altitude nayonso izisinthasintha ndi nyengo ngakhale bolodi ili pa tebulo pomwepo.

Ife tinamaliza ndi BMP280 yomweyo, tinawonjezera sensa ina ya DHT22 yobwereka kuti tipeze humidity. Timasensa totchipato ndimagulabe kwa anthu a pa WhatsApp omwewo poti kulibenso kwina kwapafupi, kungoti ndimagula tiwiri ndipo ndimayeza ID tsiku lomwelo. Tumizani chithunzi cha bolodi mbali zonse ziwiri ndi zomwe scanner yatulutsa, ndikuuzani pomwe pavuta.