Phewa lovulala ku usilikali wa ku America: kutsutsa chigamulo cha 0 peresenti

Bambo, kalata yanu ndaiwerenga mofatsa. Mwalemba kuti munagwira ntchito m'gulu lankhondo la America kwa zaka 6, kuti phewa lanu lamanja linavulala mutagwa pa maphunziro muli ndi katundu kumsana, ndiponso kuti nthambi ya boma yoona za asilikali opuma, yomwe anthu amangoitchula kuti VA, yavomera kuti vutoli linachokera ku usilikali koma yaika ulumali wanu pa 0 peresenti, kotero kuti simukulandira ndalama ya pamwezi. Mukufunsa ngati nkhani yathera pomwepa.

Sinathe, ndipo gawo lomwe limagwetsa anthu ambiri mwalidutsa kale. Wopempha chipukutamisozi amayenera kuonetsa kuti ali ndi vuto lero, kuti china chake chinamuchitikira ali ku usilikali, komanso kuti ziwirizi n'zogwirizana. Zonsezi boma lakuvomerezani. Chomwe chatsala ndi mkangano wa kukula kwa ulumaliwo, ndipo mkangano umenewu umagamulidwa ndi manambala.

Phewa labwino limakweza mkono, kutsogolo kapena cham'mbali, mpaka madigiri 180, pamene dzanja laloza kumwamba. Malamulo amene VA imatsatira poyeza ulumali, otchedwa 38 CFR 4.71a, pa nambala 5201 yokhudza mkono, amati ngati mkono ukulekezera pa mulingo wa phewa, madigiri 90, ulumali ndi 20 peresenti. Ukamalekezera pa madigiri 45, mkono umene munthu amaudalira umapatsidwa 30 peresenti, winawo 20. Ukamalephera kupitirira madigiri 25 kuchokera m'nthiti, ndi 40 peresenti pa mkono wodalirikawo ndi 30 pa winawo. Popeza inu mumalembera dzanja lamanja, manambala okulirapowo ndi anu.

Tsono m'kalata yanu muli chiganizo chimene ndinaimapo kanthawi. Mwati pa tsiku loyezedwa, dokotala atakuuzani kuti mukweze mkono, munaluma mano n'kuukweza mpaka pafupifupi kumutu, ngakhale kuti ululu unayamba usanafike n'komwe paphewa, chifukwa simunafune kuoneka ngati mukudzichititsa. Ndikumvetsa kumene mtima umenewo ukuchokera. Tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo usilikali unangokhomerera zomwezo. Koma m'chipinda choyezera, kupirira kotere kumasanduka umboni wokutsutsani, chifukwa woyeza amalemba zimene waona ndi zimene mwamuuza, ndipo wogamula, yemwe sanakuoneni ndi maso, amawerenga pepalalo basi.

Lamulo silifuna kuti mupirire. Gawo 4.59 la malamulo omwewo limanena kuti mfundo ya thupi imene imapweteka poyenda iyenera kupatsidwa mulingo wotsikitsitsa wolipidwa, ndipo pa nambala 5201 mulingo umenewo ndi 20 peresenti, ngakhale mkono utakwera kupitirira madigiri 90. Bwalo la apilo la asilikali opuma linagamulanso, pa mlandu wa DeLuca mu 1995, kuti kufooka, kutopa msanga ndi ululu wobwera munthu akabwereza kugwiritsa ntchito chiwalo ziyenera kuwerengedwa. Pa mlandu wa Sharp mu 2017 linaonjezera kuti woyeza ayenera kufunsa za masiku amene vutolo limabuka mwamphamvu, ndi kuyerekeza kuti pa masiku amenewo mkono umalekezera pati, osangoti iye sanakuoneni pa tsiku loipa.

Choncho musanadzaze fomu iliyonse, pemphani fayilo yanu, makamaka lipoti la woyezayo, chifukwa zolembedwa m'menemo ndizo zikuuzeni njira yoyenera mwa njira zitatu zotsutsira chigamulo zimene zinayamba kugwira ntchito pa 19 February 2019.

Ngati lipotilo linalemba kuti mkono unkapweteka poyenda, kapena ngati silinatchule chilichonse chokhudza masiku oipa, pemphani Higher-Level Review pa fomu 20-0996. Apa wogamula wamkulu amaunikanso fayilo yomweyo popanda umboni watsopano. Mukhoza kupempha kulankhula naye pafoni kuti mumulozere tsamba lenileni pamene pali cholakwika, ndipo akapeza kuti kuyezako kunali kopereŵera akhoza kubweza nkhaniyo kuti muyezedwenso. Koma ngati lipotilo likuti panalibe ululu, njira imeneyi ikhoza kungokutayitsani miyezi, popeza wogamulayo adzawerenga mawu omwewo. Pamenepo tumizani Supplemental Claim pa fomu 20-0995, yomwe imafuna umboni watsopano wokhudza nkhaniyo. Mwa zimene mwandifotokozera, ndikuganiza kuti yanu ndi yachiwiriyi. Njira yachitatu ndi yopita kwa woweruza wa Board of Veterans' Appeals pa fomu 10182. Imatenga nthawi yaitali, makamaka mukasankha kukaonekera pamaso pake, ndipo ine ndimaisungira nkhani zimene zakanika m'njira zinazo. Board ikakukanani, muli ndi masiku 120 okha okadandaula ku bwalo la apilo lija.

Umboni watsopanowo usakuopseni. Pitani kwa dokotala wanu kuti ayeze phewalo ndi chipangizo choyezera madigiri, ndipo alembe pamene ululu ukuyambira, osati pamene mkono ukuthera pokha. Kenako lembani inu eni, ndipo mayi akunyumba alembenso zawo pa fomu 21-10210, chifukwa munthu wamba ali ndi ufulu wochitira umboni zimene amaona. Mawu akuti "phewa limandipweteka kwambiri" sathandiza. Lembani zimene mwandilembera ine: kuti malaya ovala chopisa mutu munawasiya, kuti mbale za pashelefu yapamwamba amakutsitsirani ndi mwana, kuti mukagonera kumanja mumadzuka pakati pa usiku, ndiponso kuti mukagwira ntchito yonyamula tsiku limodzi, m'mawa mwake chipeso sichifika kumutu. Nenani kuti zimenezi zimachitika kangati pamwezi komanso kwa masiku angati. Musakokomeze, koma musachepetsenso. Umboni wa mbali ziwiri ukakhala pafupifupi wofanana kulemera, lamulo limati chikaikocho chikomere msilikali.

Tsiku lolisamala ndi limene lili pamwamba pa kalata ya chigamulo. Mukachitapo kanthu chisanathe chaka chimodzi kuchokera pa tsiku limenelo, pempho lanu loyamba limakhalabe lamoyo, ndipo mukapambana mudzalandira ndalama zonse zobwerera m'mbuyo. Chaka chikadutsa, khomo silitsekedwa, koma kawirikawiri ndalama zimayambira pa tsiku la pempho latsopano.

Za malipiro, mabungwe ovomerezeka monga Disabled American Veterans ndi American Legion amathandiza kwaulere. Loya amaloledwa kulipiritsa pokhapokha chigamulo choyamba chitatuluka, monga zilili kwa inu, ndipo ambiri amatenga 20 peresenti ya ndalama zobwerera m'mbuyo zokha, osati za miyezi ya kutsogolo.

Mwatchulanso kuti mukufuna kukakhala kumudzi ku Malawi miyezi ingapo. Kukhala kunja kwa America sikukuchotserani ufulu wolandira chipukutamisozi chimenechi, koma kulephera kufika pa tsiku loyezedwa popanda chifukwa chomveka kukhoza kugwetsa pempho lanu. Tumizani fomuyo musananyamuke, dziwitsani VA za masiku amene mudzakhale kulibe, ndipo pakhale munthu wodalirika wotsegula makalata anu.