Mukufuna Waterloo yonse patebulo? Yambani ndi tiasilikali 84

Kalata yafika kuchokera kwa m'bale wina amene akukhala ku England. Anagula mabokosi asanu ndi anayi a tiasilikali tapulasitiki ta nthawi ya Napoleon, ta saizi ya 1/72 (msinkhu wa munthu weniweni kuuchepetsa ka 72), kuti azisewera nkhondo ya Waterloo patebulo ndi mwana wawo. Chatha chaka, apenta 30 tokha, ndipo penti ikumasupuka pamfuti akangotigwira. Akufunsa mtundu wa penti woti agule, ndiponso kuti awonjezere mabokosi angati kuti Waterloo ikwane.

Achimwene, funso lachiwirilo ndi limene landikhudza, chifukwa ndi limene limagwetsa anthu ambiri m'masewerawa asanaponye n'komwe dayisi. Za penti ndiyankha, ili ndi mankhwala ake. Koma musagulenso bokosi lina.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa 18 June 1815, Napoleon wa ku France anali ndi asilikali pafupifupi 72,000, mdani wake Wellington wa ku Britain pafupifupi 68,000, ndipo a Prussia otsogozedwa ndi Blücher, amene anafika kudzathandiza Wellington dzuwa litapendeka anali cha m'ma 50,000. Tinene kuti kasilikali kamodzi kaziimira anthu 50. Mufunika tiasilikali 3,800. Munthu wozolowera, wopenta mosasamala kwambiri za mabatani, amatha mphindi 20 pa kamodzi. Ndiye kuti maola oposa 1,260. Mukamapenta ola limodzi madzulo alionse, osadumphitsa ngakhale pa Khirisimasi, mudzamaliza patatha zaka zitatu ndi theka, mwana uja atayamba kale kukonda zina. Ndipo sitinanene za tebulo: chipinda chochezera sichingakwane. Alipo munthu amene anaiyikadi Waterloo patebulo. William Siborne anapatsidwa ntchitoyo mu 1830, anakakhala miyezi kumalo a nkhondoko akuyeza nthaka, analemba makalata kwa akuluakulu a asilikali amene anapulumuka, namaliza mu 1838 ndi tiasilikali toposa 70,000. Ntchito yakeyo ili ku National Army Museum ku London, ndipo poti muli komweko, mupite naye mwanayo akaone. Koma Siborne anapanga chinthu choonera, chosasuntha, ndipo chinamusiya m'ngongole. Inu mukufuna choseweretsa.

Cholakwika chinachitika tsiku logula. M'masewerawa chimayamba ndi buku la malamulo, tiasilikali timabwera pambuyo. Malamulo ndi amene amakuuzani kuti gulu limodzi likhale lalikulu bwanji, tebulo likhale lotani, gulu liyende masentimita angati, mfuti ifike pati, ndiponso dayisi ikagwa chakuti ndiye kuti kwachitika chakuti. Wogula asanasankhe malamulo amapezeka ali ndi mabokosi atatu a asilikali a pa akavalo, lina la Old Guard, asilikali osankhika a Napoleon, poti chithunzi chapabokosi chinali chokongola, alibe ndi mzinga umodzi womwe, ndipo zonsezo n'za mbali imodzi. Kenako amaona Aroma, amaona akasinja a 1944, nawonso n'kugula. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ogulitsa sangakuletseni, magazini a masewerawa amaonetsa matebulo a mamita asanu odzaza tiasilikali topentedwa ndi akatswiri, ndipo woyamba kumene amaganiza kuti popanda zoterozo ndiye kuti sanayambe. Ine ndimakana zimenezo kwamtuwagalu. Tebulo la pa chionetsero cha Salute ku London limakhala ntchito ya kalabu yonse, ya zaka. Kuliyesa muyezo wa bambo ndi mwana wake m'nyumba ndi kuwalakwira onse awiri.

Buku loyenera inu ndi One-Hour Wargames la Neil Thomas, lotuluka mu 2014. Tebulo lake ndi masentimita 90 mbali zonse. Mbali iliyonse imakhala ndi magulu atatu, anayi kapena asanu ndi limodzi, gulu limachotsedwa likamenyedwa kokwana 15, masewera amatha pa maulendo 15, ndipo muli nkhondo 30 zokonzeratu: kulanda mlatho, kuteteza phiri, kubwerera m'mbuyo adani akukuthamangitsani. Malamulo a nyengo ya Napoleon ndi masamba ochepa, mwana wa Sitandade 5 amawagwira tsiku lomwelo. Akatswiri ena amalinyoza kuti n'losavuta mopitirira. Zoona, silisiyanitsa asilikali otopa ndi amene angofika kumene, ndipo zina mudzafuna kuwonjezera nokha mukazolowera. Koma limatha pa ola limodzi, ndipo mumasewera kachiwiri mutasinthana mbali. Malamulo ena monga Black Powder ndi abwino ndithu, kungoti amafuna tebulo lalikulu ndi tiasilikali mazana. Amenewo adzakudikirani.

Ndiye werengani chonchi. Gulu limodzi kutsogolo kwake kukhale masentimita 12. La asilikali oyenda pansi: timatabwa tiwiri ta masentimita 6 ndi 4, kalikonse tiasilikali 8 m'mizere iwiri, onse pamodzi 16. La akavalo: 6 pamzere umodzi, kathabwa kotalika masentimita 5 chakumbuyo. Mzinga umodzi ndi anthu ake 4. Magulu awiri oyenda pansi, limodzi la akavalo ndi mzinga umodzi zikukwana 42. Mbali ziwiri, 84. Maola 28, mwezi umodzi. Ndipo mupente mbali zonse ziwiri inuyo, mosinthanasinthana, gulu la France kenako la Britain. Amene amapenta mbali imodzi akuyembekeza kuti mnzake wina adzabwera ndi inayo, amadikira mpaka kalekale. Bokosi limodzi la 1/72 la oyenda pansi limakhala ndi tiasilikali 40 kapena kuposerapo, choncho zimene muli nazo zakwana kale, pokhapokha ngati mulibe mizinga kapena adani.

Pali china chimene ndikufuna mwanayo adzaphunzire patebulopo, chimene kuchuluka kwa tiasilikali sikuphunzitsa. Mfuti za nthawi imeneyo zinali za gogodera, zothira onga kukamwa. Msilikali wodziwa ankawombera kawiri kapena katatu pa mphindi, ndipo kupitirira mamita 100 chipolopolo chinkapita kumene chafuna. N'chifukwa chake ankaima mothithikana, phewa ndi phewa, kuti mfuti mazana zilire pamodzi. Akavalo akabwera, gulu linkapinda mzere n'kukhala bwalo la ngodya zinayi, akutsogolo atagwada, mipeni yakunsonga kwa mfuti italoza kunja, ndipo kavalo salola kudzibaya pa mpanda wotero. Koma anthu othithikana chonchowo ndi chakudya cha mzinga. Masana a Waterloo, Ney, mkulu wa asilikali a Napoleon, anatumiza akavalo zikwizikwi mobwerezabwereza pa mabwalo a Wellington popanda oyenda pansi okwanira owathandiza, ndipo mabwalowo sanasweke. Mwana amene wataya akavalo ake kawiri powaponya kutsogolo kwa gulu limene silinamenyedwe, ulendo wachitatu amayamba wawomba ndi mzinga, kenako n'kuzungulira chakumbali. Wamvetsa ndi manja ake zimene buku la mbiri likanamuuza m'masamba khumi. Magulu anayi okha amakwanitsa phunziro limeneli.

Ndiponso musamuphunzitse kuti Waterloo inali ya ofiira a Britain ndi abuluu a France basi. A ku Britain enieni anali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a gulu la Wellington. Enawo anali a ku Netherlands ndi Belgium, a ku Hanover, a ku Brunswick ovala zakuda, a ku Nassau ovala zobiriwira, ndipo popanda a Prussia kufika kumudzi wa Plancenoit tsikulo likanatha mwina. Matebulo ambiri amaiwala anthu amenewa chifukwa mabokosi ogulitsidwa kwambiri ndi a majekete ofiira.

Alipo amene angafunse ngati n'koyenera kusewera ndi mwana zinthu zimene anthu anafera. Funsoli ndi lolemera, sindilipeputsa. Masewerawa anayambira kwa asilikali enieni: mu 1824 Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a nkhondo a Prussia masewera a Kriegsspiel, a pa mapu, okhala ndi woweruza, ndipo anawatenga kukhala chophunzitsira. Amene anawabweretsa m'nyumba za anthu wamba ndi H. G. Wells ndi buku lake la Little Wars mu 1913, mmene ankagwetsa tiasilikali ndi kamzinga ka sipuling'i koponya kamtengo. Wells ankadana ndi nkhondo, ndipo ankakhulupirira kuti wosewera kangapo amaona yekha kupusa kwa nkhondo yeniyeni. Chaka chotsatira nkhondo yaikulu inabuka, ndipo sinachedwe kufika kwathu. Pa 13 August 1914 sitima ya Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu, ndipo pa 9 September kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, asilikali a King's African Rifles akulimbana ndi asilikali a Ajeremani, mbali iliyonse anthu mazana ochepa, ambiri mwa iwo Aafirika. Nkhondo yaing'ono ngati imeneyo imakwana bwino patebulo la masentimita 90 kuposa Waterloo. Koma aliyense woiyika patebulo ayikeponso amtengatenga, amuna amene anasenza katundu wa nkhondoyo pamutu, ambiri n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Malamulo ambiri a masewerawa amayesa ngati chakudya ndi zipolopolo zimadzifikira zokha. Kwa ine, masewera amene amachititsa mwana kufunsa kuti anthu awa ankadya chiyani, anawanyamulira ndani, ndi oyenera. Amene amangowerenga mitembo ndi opanda pake.

Za penti yosupukayo

Vuto si penti yokha, ndi pulasitikiyo. Tiasilikali tambiri ta 1/72, monga ta Airfix, timapangidwa ndi pulasitiki yofewa ya polyethylene, yonga ya zigubu, yoterera, yosagwira penti kapena guluu, ndipo imabwera ndi timafuta ta m'chikombole. Mfuti ikapindika pang'ono, penti youma gwa imang'aluka n'kugwa ngati chikamba cha nsima. Penti ya enamel ndiye imaposa kusweka. Chitani izi. Tsukani tiasilikali tisanachotsedwe pa chimango chake, m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, mukupukuta ndi mswachi wakale, mutsukuluze, tiume usiku wonse, ndipo musatigwirenso ndi zala zamafuta. Kamzere kotsalira m'mbali kuchokera ku chikombole mukadule ndi lumo latsopano, mosenda. Musakhule ndi fayilo kapena sandipepa, pulasitikiyi imachita ubweya. Mfuti yopindika muiviike m'madzi otentha masekondi ochepa, muiwongole, muiponye m'madzi ozizira. Kenako pakani guluu woyera wa akalipentala, wa PVA, magawo awiri a guluu ndi limodzi la madzi, thupi lonse mopyapyala. Akauma amakhala ngati khungu lotamuka lokuta kasilikali konse. Mukaona wadzadza pankhope kapena pakati pa mkono ndi mfuti, muchotseni ndi burashi youma asanagwire. Pamwamba pake penti ya acrylic, ya Vallejo kapena ina iliyonse ya madzi, yosungunula mpaka ifanane ndi mkaka, kupaka kawiri mopyapyala m'malo mwa kamodzi mochindikala. Mukamaliza, PVA wina wosungunula kapena vanishi wosawala wopaka ndi burashi, kuti pentiyo ikhale pakati pa zikopa ziwiri. Vanishi wopopera muzimuopa kunja kukazizira kapena kukakhala chinyezi, monga kumakhalira kumeneko miyezi yambiri: amauma motuwa ngati mwawaza ufa, ntchito ya sabata n'kuwonongeka.

Guluu wa mapulasitiki olimba, uja amasungunula mbali ziwiri n'kuzilumikiza, pa polyethylene sagwira n'komwe, ndipo supagulu amagwira mwa apo ndi apo. Wokwera pa kavalo mum'lumikize ndi kawaya: dulani phini, mulowetse theka m'chishalo, theka mwa wokwerayo, kenako kadontho ka guluu.

Popenta, matani tiasilikali 8 pa kamtengo kamodzi, mupake mtundu umodzi pa tonse musanasinthe: nkhope ndi manja, jekete, buluku, chipewa ndi nsapato, malamba oyera, mfuti. Wa Britain jekete lofiira, buluku lotuwa, chipewa chakuda. Wa France jekete labuluu woderapo, pachifuwa poyera. Pomaliza pakani penti yofiirira yakuda yosungunula kwambiri thupi lonse, imalowa m'makwinya n'kuonetsa mithunzi yokha. Maso musapente. Patebulo mumationa muli patali ngati kutalika kwa mkono, ndipo chooneka ndi mzere wowongoka ndi malamba oyera. Maburashi awiri akwana, saizi 1 ndi 0.

Timatabwa topondapo tikhale ta MDF, thabwa lopangidwa ndi utuchi wopanikiza, ya mamilimita 2 kapena 3. Katoni imapindika ikamwa guluu, pokhapokha mutaipaka mbali zonse ziwiri. Muike tiasilikali chamkati kuti mfuti zisatulukire m'mphepete, ndipo mwanayo azolowere kunyamula kathabwa, osati mitu. Kusupuka kwambiri kumachokera pamenepo, ndi posunga: osatiunjika m'chitini, tiime m'bokosi losaya, pansi pake mutayala kansalu kosaterera. Pa kathabwapo pakani PVA, muwaze mchenga wosefa, ukauma mupake zofiirira, kenako utuchi wonyika mu penti yobiriwira apa ndi apo. Nsalu yobiriwira patebulo, mabuku awiri pansi pa nsaluyo ndiye phiri, kansalu kabuluu ndiye mtsinje, tinyumba ta katoni tiwiri ndiye La Haye Sainte wanu, famu imene anailimbirana pa Waterloo. Dayisi imodzi, tepi yoyezera, pepala lolembapo kumenyedwa kwa gulu lililonse.

Aja 30 osupukawo musawataye. Pentiyo imachoka mukawapinda pang'ono ndi kuwakhula ndi mswachi m'madzi ofunda, n'kuyambiranso pa guluu. Ndipo Loweruka likubwerali musadikire penti: dulani makatoni asanu ndi atatu a masentimita 12, anayi mulembe France, anayi Britain, musewere ndi mwanayo nkhondo yolanda mlatho. Gulu lililonse likamalizidwa kupentedwa lizilowa m'malo mwa katoni yake. Mabokosi otsalawo muwaike pamwamba pa kabati osatsegula kufikira tonse 84 titaima patebulo.