Ulendo wa ku Dar ndi tsiku lija la ku Zanzibar

Achemwali, mwafunsa kuti bizinesi yokaoda katundu ku Dar es Salaam imayenda bwanji, komanso kuti zinyumba zam'mphepete mwa nyanja zija ndinazijambula kuti.

Timatulukira pa Songwe, kumtunda kwa Karonga. Tsidya linalo amati Kasumulu. Mukadinditsa pasipoti mumasintha ndalama kukhala mashilingi, kenako basi mpaka ku Dar. Msika wathu ndi Kariakoo. Tsiku loyamba musatulutse ndalama, ingozungulirani mukufunsa mitengo, chifukwa chitenje chomwecho chimasiyana mtengo shopu ndi shopu. Mukagula, mabelo amasokedwa, mumalembapo dzina ndi nambala ya foni, n'kupereka kwa a thiransipoti. Malisiti sungani ngati mwana wakhanda, a MRA adzawafuna powerengera msonkho paboda.

Ndiye pamakhala tsiku lodikira kuti lole idzaze. Anzathu ambiri amangogona kuloji. Ine ndinakwera boti yam'mawa, maola awiri okha ndinali ku Stone Town, tauni yakale ya pachilumba cha Zanzibar. Pasipoti musaisiye, amaiona potsika, ndipo tikiti ya mlendo ndi yodula, choncho musadyere mpamba.

Mukangotuluka padoko pali Old Dispensary, nyumba ya makhonde amatabwa osemedwa ngati nsalu yoluka. Anaiyambitsa ndi Tharia Topan, Mmwenye wamalonda, mu 1887. Chapatsogolo pali Beit al-Ajaib, imene Sultan Barghash anamanga mu 1883, yoyamba kukhala ndi magetsi pachilumbapo. Mbali ina inagwa mu Disembala 2020, ndipo ine ndinaionera panja. Koma chimene chinandigwira mtima ndi chitseko cha nyumba ya Tippu Tip. Ndinachisisita ndi dzanja, thabwa lakuda lolemera, losemedwa maluwa ndi unyolo m'mbali mwake. Mwini wake analemera ndi minyanga ya njovu komanso kugulitsa anthu.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kwathu. Ena mwa anthu ogulitsidwa pachilumba chimenechi ankachokera ku Nkhotakota, kwa Jumbe. Ankawaolotsa nyanja yathu, n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, doko la m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Tanzania. Msika wa akapolo wa ku Stone Town unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalopo panamangidwa tchalitchi cha Anglican. Ndinatsikira m'zipinda zapansi zimene amaonetsa alendo, denga lake lotsika moti wamtali amawerama. Ndinatuluka misozi ili m'maso, achemwali. Inenso ndine wamalonda, ndimayenda njira yaitali kukafuna phindu kunyanja komweko, koma agogo athu ena anafika kumeneko iwowo ali katundu.

Mukadzapita, tikiti yobwerera guliranitu m'mawa momwemo, chifukwa boti yomaliza imanyamuka dzuwa lisanalowe. Mukaiphonya mugona konko, pamene a lole akukufunani ku Kariakoo kuti muwerenge mabelo anu asanamange tenti.