Lipoti la tsiku ndi sitetimenti ya kubanki zikakana kugwirizana

Mayi wina amene wangoyamba kumene ntchito yowerengera ndalama pamalo oonetsera mafilimu wanditumizira imelo. Akuti zomwe makina akuonetsa kuti zagulitsidwa pa tsiku sizikufanana ndi zomwe zikulowa kubanki, ndipo akufunsa ngati pali wina amene akusolola.

Mayi, mtima m'malo. Wakuba angakhalepo, koma musayambire pamenepo. Chikukusokonezani n'choti mukutenga ndalama zonse za tsiku n'kuziyerekeza ndi zomwe zalowa kubanki tsiku lomwelo. Ziwirizi sizingafanane, ngakhale antchito onse atakhala okhulupirika.

Zilekanitseni kaye: kashi payekha, makhadi a kubanki paokha, matikiti a pa intaneti paokha. Chilichonse chili ndi njira yake yofikira kubanki.

Kashi ndiye wosavuta. Potseka, thilu iliyonse, ya matikiti ndi ya zakumwa yomwe, itulutse Z report, lipoti lotsekera tsiku. X report imangoonetsa pomwe malonda afika, sitseka kanthu. Werengani za m'dirowa, chotsanipo ndalama ya chenji yomwe munayambira nayo m'mawa, zotsalazo zifanane ndi kashi wa pa lipoti. Owerenga akhale awiri, onse asayine. Chiwerengero chimenecho ndicho chilembedwe pa silipi yokaikira kubanki, ndipo tsiku lililonse likhale ndi silipi yake. Mukaphatikiza za Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu pa silipi imodzi Lolemba, mwadzipalira nokha mutu.

Makhadi ndi amene amazunguza anthu. Ndalama zake zimafika patapita tsiku limodzi mpaka atatu a ntchito, ndipo makampani ambiri oyendetsa malipiro a makhadi amayamba adulapo gawo lawo. Komanso kamakina ka khadi kali ndi ola lake lotsekera. Ngati kamatseka pakati pa usiku filimu yomaliza isanathe, amene wagula chakumwa 12 koloko itadutsa, kwa inu ndi malonda a Lachisanu, koma kwa banki ndi a Loweruka. Funsani ola limeneli, mulilembe pakhoma.

Palinso matikiti ogulidwiratu. Munthu walipira Lachiwiri, filimu adzaonera Loweruka. Lipoti la amene alowa muholo, lomwe eni filimu amawerengerapo gawo lawo, lidzamuika Loweruka, pamene ndalama yake inalowa kalekale. Choncho poyerekeza ndi banki gwiritsani lipoti la malipiro, osati la olowa. N'chimodzimodzinso ndi mavocha a mphatso: tsiku lomwe munthu wabwera nayo, m'dirowa simulowa kalikonse.

Zikatsalabe zosiyana, gawani kusiyanako ndi 9. Kukagawika bwinobwino, kawirikawiri ndiye kuti wina anatembenuza manambala, analemba 540 m'malo mwa 450.

Tsopano za wakuba uja. Kuba kwa pathilu nthawi zambiri sikuoneka pa sitetimenti, chifukwa wochenjera amaonetsetsa kuti dirowa ikugwirizana ndi lipoti. Yang'anani matikiti ofafanizidwa ndi ndalama zobwezedwa, makamaka ngati zikuchuluka pa dzina la kashiya mmodzi filimu itayamba kale. Ine sindigwirizana nawo mabwana amene amauza kashiya kuti angowonjezera za m'thumba mwake zikaperewera, kapena kusunga pambali zikapitirira. Lembani zoperewera ndi zopitirira zonse m'buku, dzina ndi tsiku. Pakatha mwezi mudzaona ngati vuto likutsata munthu, thilu, kapena shifiti ya usiku.